Kodi Tiwayambitse Mayi Mankhwala a Kuiwalaiwala?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Mayi anga ali ndi zaka 72 ndipo amakhala kumudzi kufupi ndi Ngabu, pomwe ine ndimagwira ntchito ku Nchalo ndipo ndimakawaona mwezi ukatha. Kuyambira chaka chatha akhala akuiwalaiwala. Amamanga ndalama pansonga ya chitenje kenako n'kuyamba kuzifunafuna nyumba yonse, amandifunsa kawiri katatu ngati ndabwera ndi ana, ndipo mdzukulu amene amakhala nawo akuti ndiwo zikumapserera pamoto. Komabe kudimba amapita okha, anthu onse amawazindikira, ndipo ku Mvano amayambitsa nyimbo ndi iwo. Amamwa mankhwala a BP, ngakhale kuti amasiya mutu ukaleka kuwawa. Usiku amamwa amitriptyline amene anapatsidwa chifukwa cha kuotcha kwa mapazi, ndipo kukatentha kwambiri amawonjezera Piriton wa pagolosale kuti apeze tulo. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti kumeneko kuli mankhwala otchedwa donepezil, ndipo akufuna kutumiza pa basi kuti tiyambe kuwamwetsa vutoli lisanakule. Kodi tiwauze atumize? Ndine mwana wawo wamkazi, Nchalo.

YANKHO: Achemwali, auzeni achimwene anuwo kuti ayambe adikira, ndipo ndalama imene akanagulira mankhwalawo atumize kuti ikhale ya ulendo wa kuchipatala. Cholinga chawo n'chabwino, koma donepezil sanapangidwe kuti aziteteza munthu amene wangoyamba kuiwalaiwala, ndipo m'kalata yanu muli zinthu zina zoyenera kuyamba kuziona mankhwala atsopano asanalowe m'nyumba.

Madokotala amasiyanitsa kuiwala m'magulu atatu. Pali kuiwala kwa ukalamba wamba, monga dzina la munthu kukuthawa pakamwa kenako n'kudzalikumbukira madzulo. Pali kuiwala kopitirira pamenepo, kumene achibale akuona ndipo kumaoneka munthu akayezedwa, koma mwini wake akutha kudzisamalira, kuphika, kulima ndi kuyenda yekha. Ndiye pali matenda enieni oiwalaiwala, amene kuchipatala amati dementia, pamene munthu sathanso kuyendetsa moyo wake popanda womuthandiza. Mwa matenda a gulu lachitatuli, ofala kwambiri ndi a Alzheimer, otchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene anawafotokoza mu 1906. Malinga ndi mmene mwalembera, mayi anu akuoneka kuti ali m'gulu lapakati, ngakhale kuti wotsimikiza ndi dokotala amene wawaona maso ndi maso. Mwa anthu a m'gulu lapakatili amene amafika kuchipatala, pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse amalowa mu dementia chaka chilichonse, ambiri amakhala mmene alili kwa nthawi yaitali, ndipo ena amabwerera mwakale chimene chinayambitsa vutolo chikapezeka n'kuchotsedwa.

Donepezil anavomerezedwa ku America mu 1996, ndipo ali ndi anzake awiri ogwira ntchito mofanana, rivastigmine ndi galantamine. Muubongo muli kamadzi kotchedwa acetylcholine kamene kamanyamula uthenga kuchoka ku minyewa ina kupita ku inzake, ndipo m'matenda a Alzheimer kamadzika kamachepa. Mankhwala atatuwa amaletsa kuti kamene katsala kaziwonongeka msanga. Kwa munthu amene wapezeka kale ndi Alzheimer amathandiza pang'ono, kotero kuti ena amakhala tcheru ndipo amatsatira bwino nkhani kwa miyezi ingapo kapena kupitirira chaka, koma saletsa minyewa ya ubongo kufa. Kwa anthu a m'gulu la mayi anu, funso lenileni la achimwene anuli linayesedwa kale. Kafukufuku wa ku America ndi Canada amene anasindikizidwa mu 2005 anatsatira anthu 769 kwa zaka zitatu, ena akumwa donepezil, ena vitamini E, ena mibulu yopanda mankhwala. Chaka choyamba omwa donepezil ankaoneka ngati akuchitako bwino, koma pofika kumapeto kwa zaka zitatuzo chiwerengero cha amene analowa m'matenda a Alzheimer sichinasiyane kwenikweni m'magulu onse atatu. Chimene omwa donepezil anaposa nacho anzawo chinali nseru, kutsegula m'mimba, kukokana kwa minofu ndi maloto oipa.

Zovuta zimenezi siziyenera kuchepetsedwa kuno kuchigwa. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, gogo wotsegula m'mimba amene chakudya sichikumukomera amatha madzi m'thupi tsiku limodzi lokha, ndipo kutha madzi pakokha kumasokoneza mutu. Donepezil amachititsanso mtima kugunda pang'onopang'ono, makamaka kwa amene akumwa mankhwala a BP monga atenolol kapena propranolol, ndipo mapeto ake amakhala chizungulire, kukomoka ndi kugwa. Munthu wa zaka 72 akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, mavuto ake amaposa kuiwala kumene mukudandaula nako lero.

Tsopano tibwere pa mankhwala amene mayi akumwa kale, chifukwa m'kalata yonse ndi pamenepa pamene pandikhudza kwambiri. Amitriptyline ndi Piriton, amene dzina lake lina ndi chlorpheniramine, onse awiri amatsekereza acetylcholine yemwe uja kuti asagwire ntchito. Kwa wachinyamata zimangothera pa kuuma kukhosi ndi tulo, koma kwa munthu wachikulire zimafika pa kuiwala, kubalalika, kudzimbidwa ndi kuvutika pokodza. Kuwonjezera donepezil pamwamba pa mankhwala awiriwa kuli ngati anthu awiri m'bwato limodzi pa Shire, wina akupalasira tsidya lino mnzake tsidya lija. N'zotheka ndithu kuti gawo lina la kuiwala kwa mayi anu likuchokera m'mibulu ya usikuyi. Piriton wofunira tulo asiye, popeza sanalemberedwe ndi dokotala aliyense. Amitriptyline yekha asamusiye mwadzidzidzi, koma mukapemphe dokotala kuti aone ngati angachepetse mlingo pang'onopang'ono kapena kusintha. Mankhwala ena odziwika ndi khalidwe losokoneza okalamba ndi promethazine, diazepam, phenobarbitone ndi benzhexol amene ambiri amamudziwa kuti Artane.

Kuotcha kwa mapazi kumene kunabweretsa amitriptyline nakonso kukufunika kufufuzidwa, chifukwa nthawi zina mapazi ndi mutu zimadwala kuchokera pa gwero limodzi. Kuchepa kwa vitamini B12 kumabweretsa dzanzi kapena kuotcha kumapazi, kuchepa kwa magazi ndi kuiwala, ndipo kumachiritsika ndi jakisoni kapena mibulu. Vitamini ameneyu amapezeka mu nsomba, nyama, mazira ndi mkaka, koma m'mimba mwa munthu wokalamba simumuyamwa bwino, ndipo amene amwa metformin wa shuga kwa zaka zambiri amachepekedwa mosavuta. Matenda a shuga pawokha amaotchanso mapazi. HIV ndi chindoko chimene chinakhalitsa m'thupi zimatha kufika muubongo, ndipo ana ambiri amachita manyazi kupempha kuti kholo liyezedwe zimenezi, pomwe kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa ndipo mankhwala ake alipo m'zipatala zathu. Chithokomiro chikafooka munthu amachita ulesi, amamva kuzizira ngakhale kunja kukutentha, ndipo amaiwala. Palinso pellagra, matenda obwera chifukwa chodalira nsima ya chimanga popanda ndiwo zokwanira, amene amadetsa ndi kusupula khungu la m'khosi ndi m'mikono, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Achikulire a ku Nsanje akukumbukira mmene anavutira pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique mu 1989 ndi 1990, ndipo m'chaka cha njala amatha kubweranso.

Za BP ndinenepo mosabisa. Kumwa mankhwala pokhapokha mutu ukawawa ndi chizolowezi chofala, koma n'choopsa, chifukwa BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi. Imawononga timitsempha ting'onoting'ono ta muubongo mwakachetechete, nthawi zina kudzera m'tisitiroko tating'ono timene palibe amene amationa, ndipo kuwonongeka kumeneku ndi chifukwa chachiwiri chachikulu cha dementia pambuyo pa Alzheimer. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Ngati mukufuna mbulu woteteza ubongo wa mayi, umene uli ndi umboni wabwino kuposa donepezil pa msinkhu wa vuto lawoli ndi wa BP umene ali nawo kale m'thumba, bola azimwa tsiku lililonse ndi kuchepetsa mchere, kuphatikizapo wa mu nsomba zouma.

Muonenso ngati mayi akumva bwino, popeza munthu amene sanamve zimene mwanena sangazikumbukire, ndipo kawirikawiri vuto limakhala phula lodzaza m'makutu. Muone ngati sakuvutika mumtima. Mabanja ambiri m'chigwa chino anataya abale, nyumba ndi ziweto pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo munthu wachikulire wosweka mtima sanena kuti wakhumudwa, amangosiya kudya, kusowa tulo ndi kuoneka woiwala.

Popita kuchipatala, kaya ku Ngabu komweko, ku Montfort ku Nchalo kapena pa chipatala cha boma ku Chikwawa, mupite m'mawa dzuwa lisanakwere, mayi atadya. Mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse a m'nyumba m'kajumbo kamodzi, a pagolosale ndi azitsamba omwe. Mdzukulu amene amakhala nawo apite nawo, chifukwa ndi iye amene akudziwa kuti zinayamba liti ndipo zikuyenda bwanji. Dokotala akawafunsa mafunso monga tsiku, malo ndi kubwereza mawu angapo pakapita mphindi zochepa, ndipo mupemphe kuti mafunsowo akhale m'chilankhulo chimene mayi amamasuka nacho, kaya Chimang'anja kapena Chisena, poganiziranso sukulu imene anaphunzira, kuopa kuti angaoneke odwala chifukwa cha funso limene sakanaliyankha ngakhale ali mtsikana. Zoyeza zina, monga za B12 ndi chithokomiro, zingafune kuti akutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Zonsezi zikakonzedwa, mayi akaonedwenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ngati kuiwala kukukulirakulira mpaka kuwalepheretsa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo dokotala wanena kuti ndi Alzheimer, pamenepo nkhani ya donepezil idzakhala yoyenera kuikambirana, ndipo achimwene adzatumize mogwirizana ndi chikalata cha dokotala.

Pali chinthu chimodzi chosayenera kudikira miyezi. Ngati tsiku lina mayi asokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, osadziwa kumene ali, akuwodzera kapena kulankhula zosagwirizana, kumeneko si kukula kwa kuiwala kuja. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, kutha madzi, kutsika kwa shuga kapena sitiroko, ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo.

FUNSO: Ndinaona pa Facebook kuti azungu apeza mankhwala a diripi ochiza matenda a Alzheimer. Komanso pali mayi wina kuntchito kwathu amene akugulitsa makapisozi a ginkgo, akuti amatsuka ubongo. Bambo anga ayamba kuiwala, ndiye ndigule ziti? Ndine mphunzitsi, Bangula.

YANKHO: Aphunzitsi, mankhwala a diripiwo alipodi, koma mawu akuti kuchiza ndi owonjezera. Oyamba ndi lecanemab, opangidwa ndi makampani a Eisai ndi Biogen, amene anavomerezedwa kwathunthu ku America mu Julaye 2023, ndipo achiwiri ndi donanemab a kampani ya Eli Lilly, amene anavomerezedwa mu Julaye 2024. Amachotsa muubongo zinthu zomata zotchedwa amyloid zimene zimaunjikana m'matenda a Alzheimer, ndipo amaperekedwa kwa amene matendawa angoyamba kumene. Pa kafukufuku wa anthu 1,795 amene anatenga miyezi 18, olandira lecanemab anapitiriza kulowa pansi, kungoti liwiro lake linachepa ndi 27 peresenti poyerekeza ndi anzawo, kusiyana kumene madokotala ena akukayika ngati banja lingakuone ndi maso pakhomo. Pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse anatupa muubongo, ena anatuluka timagazi muubongo, ndipo anthu akuda m'kafukufukuyo anali ochepa kwambiri.

Kuti munthu alandire, amayenera kutsimikiziridwa kaye kuti amyloid alimodi, kudzera mu sikani yapadera kapena kutenga madzi a pamsana, kenako kuikidwa diripi masabata awiri kapena anayi alionse ndi kujambulidwa ndi makina a MRI kangapo. Mtengo wa lecanemab yekha ku America unaikidwa pa madola 26,500 pachaka, osawerengera zoyeza. Ngakhale ku England bungwe la NICE, limene limalangiza za mankhwala olipiridwa ndi boma, linawakana ponena kuti phindu lake silikufanana ndi mtengo. Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi mankhwala amenewa m'chikwama ndipo angakubayireni bambo kunyumba, dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi.

Ginkgo naye anayesedwa mokwanira. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2008 anatsatira okalamba oposa 3,000 kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ndipo omwa ginkgo anadwala dementia mofanana ndi osamwa. Akhozanso kuchititsa kuti magazi asaundane msanga kwa amene akumwa aspirin kapena warfarin. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo muli ndi ufulu wofunsa wogulitsayo za chilolezo chake. Musagule chilichonse mwa ziwirizi. Bambo mupite nawo ku chipatala cha Kalemba kapena ku chipatala cha boma ku Nsanje, ndipo mutsate zimene ndalangiza mlongo wathu wa ku Nchalo pamwambapa.

FUNSO: Amuna anga ali ndi zaka 76. Anawapeza ndi Alzheimer ku Blantyre ndipo akhala akumwa donepezil kwa miyezi inayi, amene ana amagula ku famase. Sindikuona kusintha, ndipo tsopano akumadzuka usiku n'kutuluka panja. Anthu ayamba kunong'ona za ufiti. Wina wandiuza kuti ndipeze mankhwala ogonetsa a anthu amisala. Kodi ndisiye donepezil n'kuyamba amenewo? Ndine mayi wa ku Muona.

YANKHO: Mayi, pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Poyamba, kusaona kusintha sikutanthauza kuti mankhwala sakugwira ntchito. Matendawa amapita patsogolo mwezi ndi mwezi, choncho ngati bambo lero akudya okha, kuvala okha ndi kukuzindikirani monga ankachitira miyezi inayi yapitayo, mwina phindu lake ndi lomwelo. Amene amasiya mwadzidzidzi nthawi zina amaona wodwala akutsika msanga m'masabata otsatira. Zifukwa zomveka zosiyira ndi kukomoka, mtima kugunda pang'onopang'ono kwambiri, kusanza kapena kutsegula m'mimba kosalekeza, kuwonda, kapena chimbudzi chakuda chosonyeza kuti m'mimba mukutuluka magazi, makamaka ngati akumwanso Brufen. Zikatero pitani ku chipatala cha Trinity msanga ndipo dokotala ndiye agamule.

Mwachizolowezi donepezil amayambira pa 5 mg kamodzi patsiku, kenako amakwezedwa kufika pa 10 mg pakatha mwezi umodzi kapena kuposerapo. Ambiri amauzidwa kumwa madzulo, koma kwa ena zimenezi zimabweretsa maloto oopsa ndi kusowa tulo, ndipo kudzuka usiku kwa bambo kukhoza kukhala kochokera pamenepa. Funsani dokotala ngati angasinthe kuti azimwa m'mawa atadya phala. Ngati mankhwala atha ndipo papita masabata angapo ana asanatumize ena, musayambirenso pa mlingo waukulu musanafunse. Matendawa akafika pakati kapena patali pali mankhwala ena otchedwa memantine, amene amagwira ntchito mwa njira yosiyana ndipo amatha kuphatikizidwa ndi donepezil, koma dokotala amayamba waona mmene impso zikugwirira ntchito.

Za mankhwala ogonetsawo, chonde musapatse bambo mankhwala a munthu wina. Chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi imfa kwa okalamba odwala dementia, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America linayamba kuchenjeza za zimenezi mu 2005. Madokotala amawagwiritsa ntchito pokhapokha wodwala akuvutika kwambiri kapena akuika moyo pangozi, pa mlingo wochepa ndiponso kwa nthawi yochepa. Diazepam naye amagwetsa ndi kuwonjezera kusokonezeka. Munthu amene sathanso kufotokoza zimene zikumuvuta amadzuka usiku chifukwa cha ululu, mkodzo, kudzimbidwa, njala kapena kutentha kwa m'nyumba ya malata, choncho yambani mwafufuza zimenezi. Masana ayendeko ndi kugwira tintchito timene anazolowera, monga kutonola chimanga kapena kuluka mkeka, asagone nthawi yaitali masana, ndipo tiyi asamwe madzulo. Usiku muziika chitini chokodzera pafupi, kanyali kosazima ndi belu kapena zitini pachitseko kuti muzimva akamatuluka, poti kwanuko madzi ndi ng'ona sizili kutali.

Manong'onong'o a ufitiwo musawasiye akule. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanenedwa za ufiti, ndipo gogo wopezeka usiku pakhomo pa eni ake, osatha kufotokoza chimene akufuna, ndi amene amayamba kulozedwa chala. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pemphani dokotala akulembereni kalata yofotokoza matenda a bambo, muipereke kwa a mfumu, kwa akuluakulu a mpingo ndi kwa a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo mupemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzafotokozere anthu pa msonkhano wa mudzi. Pa malaya amene bambo amakonda kuvala musokerepo kansalu kolembedwa dzina la mudzi wanu ndi nambala ya foni ya mwana amene amayankha usiku.